Malo a ku koleji: tifunsire msanga kapena tidikire?

Zotsatira za Giredi 12 zikangotuluka mu Januwale, m'nyumba zambiri za ku Katete, Sinda ndi Vubwi mumabuka mkangano. Mwana akuti alembetse sabata yomweyo chifukwa anzake ayamba kale kutumiza zithunzi atavala yunifomu ya unamwino. Atsibweni ake akuti adikire mpaka soya agulitsidwe. Pa Katete Stores mapepala a makoleji amatidwa m'makoma a mashopu, ndipo pa wailesi akulengeza kuti malo atsala ochepa. Mafunso otsatirawa ndi amene amamveka nyengo imeneyi, ena kuchokera kwa ana, ena kwa makolo.

Mwachidule, ndifunsire msanga kapena ndidikire?

Pali zinthu ziwiri zimene anthu amazisakaniza: kufunsira malo ndi kulipira malo. Kufunsira ndi kugula fomu, kuilemba ndi kuitumiza. Mtengo wake ndi wochepa, ndipo sikukumangani. Kulipira fizi ya temu yoyamba ndi nkhani ina, chifukwa ndalama imeneyo ikalowa m'buku la koleji kuitulutsanso n'kovuta, ndipo kawirikawiri imakhala ng'ombe kapena matumba a chimanga a banja lonse.

Choncho funsirani msanga, ku malo atatu kapena anayi ngati thumba lilola. Koma musalipire fizi kufikira mutadziwa zinthu zitatu: kuti zotsatira zanu zikukwanira pa kosi imeneyo, kuti kolejiyo ndi yovomerezeka, ndiponso kuti ndalama ya chaka chachiwiri ndi chachitatu idzachokera kuti. Mabanja ambiri amachita mosemphana. Amachedwa kutumiza fomu ku yunivesite ya UNZA mpaka tsiku litadutsa, kenaka amathamangira kulipira ku koleji yoyamba imene yawaimbira foni.

Nanga "msanga" ameneyu ndi liti?

Mayeso a Giredi 12 amalembedwa mu Okutobala ndi Novembala, ndipo bungwe la ECZ limatulutsa zotsatira mu Januwale. Mukhoza kuziona pa foni potumiza nambala yanu ya mayeso ku 8383. Makoleji ambiri a unamwino, a zamalonda ndi a ntchito zamanja amatenga ophunzira kawiri pa chaka, mu Januwale ndi mu Julayi. Mayunivesite aboma akuluakulu, monga UNZA imene inatsegulidwa mu 1966 ndi Copperbelt University ya mu 1987, amalengeza nyengo yofunsira m'kati mwa chaka, ndipo wosankhidwa amakayamba chaka cha maphunziro chotsatira. N'chifukwa chake wofuna digiri ku yunivesite yaboma nthawi zambiri amakhala pakhomo pafupifupi chaka chathunthu atamaliza sukulu. Sikuti walephera, kalendala ndi imene ili choncho.

Masiku otsekera amasintha chaka ndi chaka, choncho musadalire zimene anachita mkulu wanu zaka zitatu zapitazo. Onani chilengezo cha chaka chino pa tsamba la intaneti la sukuluyo, kapena funsani mphunzitsi wa uphungu ku sukulu kumene munamaliza. Kwa munthu wa ku Vubwi, kumene ulendo wa ku Chipata nthawi ya mvula si wongodzuka n'kupita, "msanga" akutanthauza kumaliza zonse kutatsala mwezi, osati sabata.

Masamu ndapeza 7, zina zonse zili bwino. Koleji ina yati ndiyambe, mayeso obwereza a GCE ndidzawalemba ndili komweko. Ndivomere?

Apa ndi pamene ndalama zambiri zimatayikira, ndiye tiyeni tifatsepo.

Magiredi a ECZ amayambira pa 1 kufika pa 9. Giredi 1 ndi 2 ndi distinction, 3 ndi 4 ndi merit, 5 ndi 6 ndi credit. Giredi 7 ndi 8 mwakhoza ndithu, koma si credit. Mayunivesite amafuna ma credit asanu kuphatikizapo Chingerezi. Pa dipuloma ya unamwino, pakati pa asanuwo payenera kukhala Chingerezi, masamu ndi sayansi kapena biology. Lamulo limeneli si la mwini koleji, kotero iye sangakuchotsereni. Amene amalembetsa anamwino ndi bungwe la Nursing and Midwifery Council of Zambia, aphunzitsi ndi Teaching Council of Zambia, ndipo ogwira ntchito zina zachipatala monga ma clinical officer ndi Health Professions Council of Zambia. Mabungwe amenewa amayang'ana satifiketi yanu ya Giredi 12. Ngati credit ya masamu palibe, vuto lidzakupezani kutsogolo, mutalipira kale matemu angapo.

Taganizani mmene zimakhalira. Mwalowa mu Januwale, mwalipira fizi, yunifomu, lendi ya kachipinda ndi ufa. Pakati pa chaka mukulemba GCE, koma mutu uli pa maphunziro a ku koleji, masamu mwangowaona usiku uwiri. Zotsatira zabweranso 7. Tsopano mutani? Kusiya ndi kutaya zonse zimene munalipira. Kupitiriza ndi kuwonjezera ndalama pa chinthu chopanda maziko.

Njira yowongoka ndi kudikira. Lembetsani GCE mwamsanga, chifukwa kulembetsa kumatsekedwa miyezi yoyambirira ya chaka, zotsatira za Giredi 12 zitangotuluka kumene. Mayesowo amalembedwa pakati pa chaka. Limbanani ndi phunziro limodzi lokhalo kwa miyezi isanu, ndipo mukapeza credit mudzafunsire malo a Januwale wotsatira muli ndi mapepala okwana. Mwachedwa chaka chimodzi, koma ng'ombe ikadali m'khola.

Zotsatira zikukwana. Ndilowe mu Januwale kapena mu Julayi?

Funso limeneli liyankhidwe ndi munda. Ku chigawo chakum'mawa Januwale ndi mwezi wouma m'thumba: ndalama inapita ku feteleza ndi mbewu, nkhokwe yayamba kuonetsa pansi, ang'onoang'ono akufuna nsapato ndi makope. Wofuna fizi mwezi umenewu amagulitsa mbuzi pa mtengo wotchula wogula, kapena amatenga kaloba. Mu Julayi soya, nshawa, mpendadzuwa ndi thonje zimakhala zagulitsidwa, fodya wa ku Vubwi wapita ku msika, ndipo chimanga chikulowa m'madepoti a FRA, bungwe la boma logula chimanga.

Miyezi isanu ndi umodzi siisintha kanthu pa dipuloma ya zaka zitatu. Olemba ntchito safunsa kuti munayamba mwezi uti. Ngati banja limadya za kumunda, Julayi ndi wabwino, ndipo mukhoza kutumiza fomu kalekale n'kumadikira kukolola muli ndi kalata m'manja.

Chenjezo limodzi lokha: kulowa mu Julayi sikuchotsa Januwale pa kalendala. Temu yachiwiri idzafuna fizi nthawi ya njala yomweyo, ndiye pogulitsa zokolola patulani ya matemu awiri. Amene anaona chilala cha 2024, pamene boma linalengeza pa 29 Febuluwale kuti dziko lili pa tsoka, akudziwa kuti munda ukhoza kukana chaka chimodzi pa zaka zitatu za maphunzirozo.

Akuti malo atsala awiri okha, ndilipire lero. Ndingadziwe bwanji kuti kolejiyo ndi yeniyeni?

Koleji imene ikukukakamizani kulipira lero pa mobile money, ku nambala ya munthu, isiyeni. Sukulu yolongosoka imapereka kalata yokuitanani yokhala ndi chidindo, mndandanda wa fizi wolembedwa, ndi akaunti ya ku banki ya dzina la sukuluyo.

Funsani mafunso awiri, ndipo muone mapepala ndi maso anu. Loyamba: kodi sukuluyi inalembetsedwa? Mayunivesite ndi makoleji a maphunziro apamwamba amalembetsedwa ndi Higher Education Authority, ndipo a ntchito zamanja ndi TEVETA. Mabungwe onsewa amasindikiza mayina a sukulu zovomerezeka. Lachiwiri, limene ambiri amaiwala: kodi kosi imene ndikufunayi ndi yovomerezeka? Sukulu ikhoza kukhala yolembetsedwa koma n'kuyambitsa kosi yatsopano isanalandire chilolezo.

Ndipo musaiwale za pafupi. Ku St Francis, chipatala chimene chinayamba mu 1948 ndipo chimayendetsedwa ndi mipingo ya Anglican ndi Katolika, kuli sukulu ya unamwino ndi uzamba. Ku Katete komweko kuli koleji yaboma yophunzitsa za malonda a zaulimi. Ku Chipata kuli Chipata College of Education, Chipata Trades Training Institute, ndi sukulu ya unamwino ya ku Mwami. Lusaka ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 500 kuchokera ku Katete. Wophunzira wa pafupi amatumiziridwa ufa, nyemba ndi nshawa pa basi ya m'mawa. Wa ku Lusaka amagula chilichonse, ngakhale chigwada.

Kodi loni yaboma imadikira munthu?

Ayi, ndipo ichi ndi chifukwa chachikulu chofunsira msanga. Ngongole za ophunzira zimaperekedwa ndi Higher Education Loans and Scholarships Board, imene ambiri amangoti HELSB, yokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2016 m'malo mwa komiti yakale ya mabasale. Imathandiza ophunzira a m'mayunivesite aboma monga UNZA, Copperbelt, Mulungushi, Kwame Nkrumah, Mukuba, Chalimbana ndi Kapasa Makasa. Kuti mufunsire loni muyenera kukhala mutasankhidwa kale ndi yunivesite. Mukaphonya tsiku la yunivesite, mwaphonyanso loni ya chaka chimenecho.

Chinanso, chilengezo cha HELSB chimatchula zaka zimene wofunsira ayenera kukhala atamaliza Giredi 12. Munthu amene wakhala pakhomo zaka zambiri akuti "ndidzafunsira chaka chamawa" amadzazindikira kuti chaka chake chachoka pa mndandanda. Kudikira chaka chimodzi chifukwa cha GCE kuli ndi phindu. Kudikira zaka zinayi popanda chifukwa kumatseka khomo.

Makolo amvetsenso kuti imeneyi ndi ngongole, si mphatso. Imabwezedwa ndi chiwongoladzanja mwana akamaliza. Ndalama ya chakudya ya ophunzira inachotsedwa mu 2019 n'kubwezeretsedwa mu 2023, zimene zikusonyeza kuti malamulo ake amasintha ndi boma. Si onse ofunsira amene amapatsidwa, ndipo si onse opatsidwa amene amalipiriridwa zonse. Banja likhale ndi njira yachiwiri.

Nanga basale ya CDF?

Thumba la chitukuko cha m'makonsitichuwense la CDF linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitichuwense iliyonse mu 2022, ndipo lakhala likukwerabe: K28.3 miliyoni mu 2023, K30.6 miliyoni mu 2024, K36.1 miliyoni mu 2025. Gawo lina la ndalamayi limalipirira ana a m'masukulu ogonera komweko ndi achinyamata ophunzira ntchito zamanja monga zamagetsi, zomangamanga, umakanika, kusoka ndi ulimi. Mafomu amadzera ku komiti ya chitukuko ya wadi yanu, kenaka ku khonsolo, kaya muli ku Mkaika, Milanzi, Sinda, Kapoche kapena Vubwi. Nawonso amafuna kalata yochokera ku sukulu imene yakutengani, ndiye wochedwa kufunsira malo amapeza mndandanda utapita kale.

Ndinenepo maganizo anga. Timakonda kwambiri uphunzitsi ndi unamwino ngati kuti ntchito ndi ziwiri zokha padziko. Mu 2022 boma linalemba aphunzitsi 30,496, chiwerengero chachikulu ndithu, koma ofunsira anaposa 100,000. Mnyamata wodziwa kukonza mapampu a sola kapena kuwotcherera ngolo ku Sinda sadikira dzina lake kutuluka m'nyuzipepala.

Mwana wanga ndi wamkazi. Akakhala pakhomo chaka chathunthu, sindidzalandira mpongozi m'malo mwa digiri?

Mantha amenewa ndi oona, ndipo ndi amene amachititsa makolo ambiri kuponya mtsikana ku koleji iliyonse kuti angochoka pamudzi. Kalonga Gawa Undi wakhala akudzudzula maukwati a ana kwa zaka zambiri, ndipo kuyambira mu 2023 lamulo la dziko limaletsa ukwati wa munthu wosafika zaka 18, ngakhale wa chikhalidwe. Koma womaliza Giredi 12 nthawi zambiri wadutsa kale msinkhu umenewo, kotero lamulo silimulondera. Chimene chimamulondera ndi kukhala ndi tsiku lodziwika loyambira sukulu.

Mtsikana amene fomu yake inapita, amene akudziwa kuti yankho libwera mwezi wakuti, amakhala mosiyana ndi amene anangouzidwa kuti "tiona". Mpatseni chochita chokhala ndi dzina: kosi yaifupi ya kompyuta, kuthandiza pa sukulu ya m'mudzi, dimba lakelake limene ndalama yake ikasungidwe kuti idzagule zofunda ndi sutikesi. Dziwaninso kuti UNZA imasungira atsikana malo 30 pa 100 alionse, ndipo otsalawo amapikisana onse pamodzi. Mtsikana wa mapoinsi abwino asathamangitsidwe ku kosi imene saifuna chifukwa cha mantha a akulu.

Ndimamva za early action ndi regular decision. Zimenezi zikutikhudza ife a kuno?

Zimakhudza ochepa, amene akhoza kwambiri ndipo akufuna kuyesa mayunivesite a ku America. Koma ochepawo alipo, ngakhale ku Chassa kapena ku Katete Secondary, ndiye tifotokoze.

Kumeneko chaka cha maphunziro chimayamba mu Ogasiti kapena Sepitembala, ndipo pali makomo atatu. Regular decision ndi khomo la onse: mumatumiza pofika kumayambiriro kwa Januwale, yankho limabwera kumapeto kwa Malichi kapena mu Epulo. Early action mumatumiza pofika pa 1 kapena 15 Novembala, yankho limabwera pakati pa Disembala, koma simukakamizidwa kupita. Muli ndi mpata mpaka pa 1 Meyi kuti musankhe. Early decision masiku ake ndi ofanana ndi a early action, koma mumasaina kuti akakutengani mupita kumeneko ndipo muchotsa mafomu ena onse. Kuli ngati kupereka chikole: mukatero simuyang'ananso khomo lina. Mayunivesite ena, monga Harvard, Yale, Princeton ndi Stanford, ali ndi early action yoletsa kufunsira msanga ku mayunivesite ena omwe si aboma, ngakhale kuti siikukakamizani kupita.

Kwa mwana wa ku Zambia amene ali mu Giredi 12, tsiku la 1 Novembala limagwa pakati penipeni pa mayeso. Kulemba nkhani za pa fomu, kupempha makalata kwa aphunzitsi ndi kukonzekera mayeso a SAT nthawi yomweyo n'kuika pangozi zotsatira zimene zonsezo zikudalira. Nzeru ndi kugwiritsa ntchito chaka chodikira chija. Zotsatira zatuluka mu Januwale, muli ndi miyezi isanu ndi inayi yokonzekera, ndipo mu Novembala mukutumiza early action muli ndi magiredi enieni m'manja, pamene anzanu a ku America akutumiza asanamalize n'komwe sukulu.

Early decision muisamale. Mwana wa mlimi sapita kumene wakonda, amapita kumene amulipirira zonse, ndipo kuti adziwe zimenezo ayenera kuika makalata awiri kapena atatu pa tebulo n'kuwafananiza. Early decision imachotsa mpata umenewo, ngakhale kuti amalola kumasuka ngati thandizo la ndalama laperewera. Mayunivesite ochepa okha, monga Harvard, Yale, Princeton, MIT ndi Amherst, ndi amene amasankha ophunzira akunja osayang'ana umphawi wawo n'kuwalipirira zonse zimene akusowa, ndipo mpikisano wake ndi wa dziko lonse lapansi. Uphungu waulere umapezeka ku EducationUSA, pansi pa ofesi ya kazembe wa America ku Lusaka. Aliyense wokuuzani kuti mumulipire kuti akupezereni sikolashipu, m'thaweni. Ndipo pamene mukuyesa kunjako, fomu ya UNZA kapena Copperbelt ipite ndithu. HELSB nayonso imalengeza masikolashipu a mayiko monga Russia, China, Algeria ndi Morocco.

Koleji ya pafupi yanditenga kale, koma yunivesite imene ndikufuna siinayankhe. Ndichite chiyani?

Pitani ku ofesi ya kolejiyo mukafunse zinthu ziwiri: tsiku lomaliza lolipira ndi liti, ndipo kodi angakusungireni malo mpaka gulu lotsatira. Makoleji otenga kawiri pa chaka nthawi zambiri savuta pa zimenezi. Yankho likhale lolembedwa, osati la pakamwa. Funsaninso kuti mukalipira n'kusintha maganizo amabweza zingati.

Kenaka dziyeseni moona mtima. Posankha amawonkhetsa magiredi a maphunziro amene mwakhoza bwino, ndipo mapoinsi ochepa ndiwo abwino. Pa maphunziro asanu ndi limodzi, 6 ndiye pamwamba penipeni. Makosi a udokotala, uinjiniya ndi zamalamulo amadzaza ndi a mapoinsi otsika kwambiri. Ngati anu ali kutali ndi amene anatengedwa chaka chatha pa kosi imeneyo, musataye malo amene muli nawo chifukwa cha maloto. Ngati ali pafupi, dikirani yankho. Pa fomu ya yunivesite musalembe makosi ovuta okhaokha. Chisankho chachiwiri chikhale chimene mapoinsi anu angafikedi.

Ndikonze chiyani pamene ndikudikira?

Reji yanu, imene imatengedwa kuyambira pa zaka 16. Pepala la zotsatira lochokera ku ECZ ndi makope ake otsimikizidwa ndi chidindo. Zithunzi zazing'ono. Nambala ya foni imene siisinthasintha, ndi imelo yanuyanu imene mukukumbukira mawu ake achinsinsi, osati ya mwini kafe ya intaneti. Ngati makolo anamwalira, mapepala a imfa yawo kapena kalata ya amfumu, ndi lipoti la a zachisamaliro cha anthu ku boma, chifukwa opereka thandizo amafuna umboni.

Yang'anitsitsani dzina lanu pa mapepala onsewa. Ngati pa reji pali Phiri Tisauke koma pa zotsatira pali Tisauke Banda chifukwa kusukulu munalembetsa ndi dzina la atsibweni, kapena tsiku lobadwa likusiyana, konzani tsopano. Kukonza kumafuna kulumbira pamaso pa woweruza kapena loya ndi maulendo a ku maofesi, ndipo sikutheka m'sabata yomaliza. Risiti iliyonse ya ku banki muijambule pa foni musanaipereke.

Inu amene mudakali ku sekondale, zinthu zikusintha: dongosolo latsopano linayamba ndi Fomu 1 mu 2025, ndipo likubweretsa Fomu 5 ndi 6 patsogolo pa yunivesite. Koma inu amene zotsatira za Giredi 12 zili m'manja, tengani reji ndi pepala la zotsatira, muziike pamodzi madzulo ano, muone ngati mayina akufanana. Mawa mukafunse masiku otsekera.